Khirisimasi Imene Ndinasolola Ulusi Wabuluu

Tadala ndi Chikondi, ana anga, ndamva kuti mumauza anthu kuti mayi wanu anapuma pa ntchito. Zikomo chifukwa cha ulemuwo, koma ndi bodza. Anandichotsa, ndipo ndinawathandiza ndine kundichotsako. Ndikulemba izi maso akadaona, kuti pa maliro anga wina asadzaime n'kunena kuti ndinali mayi wofatsa.

2001

Bambo wanu atamwalira, abale awo anabwera kuchokera ku Dedza ndi lole. Anakweza mipando, wailesi ndi bedi, kenaka anati nanenso ndikwere akanditule kwathu. Katunduyo anapita, ife tinatsala. Tinali titakhala pa Nkhata Bay zaka khumi ndi chimodzi, bambo wanu ali kalaliki pa boma, ndipo sindinaone chifukwa chokayambiranso moyo pa khonde la mlongo wanga. Tinatuluka m'nyumba ya boma n'kupeza ya zipinda ziwiri ku Chikale. Ndinali ndi zaka 46, ndisanalembedwepo ntchito chibadwire.

Pa doko panali sitima yotchedwa Kakowa. Si yaikulu ija imene aliyense amaidziwa, yonyamula matumba a usipa ndi malata ayi. Iyi inali yaing'ono, yoyera mbee, ya makabini ogonamo asanu ndi atatu, ndipo ntchito yake inali kuyendetsa alendo ofuna kuona nyanja: kukwera ku Usisya ndi ku Ruarwe, kuwolokera ku Likoma ndi ku Chizumulu, n'kubwerera. Mwini wake sindinamuonepo. Amene tinkamuona tsiku ndi tsiku anali manijala, Bwana Mhango a ku Mzuzu, munthu wamfupi wokonda tayi ngakhale mu Okutobala, amene ankayenda makiyi akulira m'chiuno kuti aliyense adziwe kuti akubwera.

Tsiku loyesedwa ntchito sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana manja anga.

"Mukudziwa kusita, mama?"

"Ndasita malaya a kalaliki wa boma zaka makumi awiri, bwana, ndipo sanabwezedwepo pakhomo la ofesi."

"Pakamwa muli napo," anatero. "Muyambe Lolemba."

Ofesi yanga inali shedi ya malata kuseri kwa doko, yokhala ndi mabeseni awiri a simenti, tebulo lositirapo ndi zingwe zisanu zoyanikira. Sitima ikafika, mabedishiti, matawulo ndi nsalu za pa tebulo zinkatsika m'mitolo, ndipo zinkayenera kubwerera zoyera isananyamukenso. Wonditulira mitoloyo anali Ada Longwe, mkulu wa Chitonga wosamalira makabini, wamtali, waulemu, wamaso ofooka, amene ankandiitana kuti Ama NyaPhiri monga amachitira anthu a kuno. Zaka zonse zimene ndinagwira, malire anga anali pa jeti, pamene sitima inkakocheza. Wochapa sankaloledwa kuponda m'sitima.

2002

Chaka cha njala mukuchikumbukira nokha, sindibwereza. Ku shedi nako kunali njala yake. Sopo ankabwera wodulidwa tizidutswa ngati mankhwala, magetsi ankazima ndili pakati pa tawulo, mpaka ndinabweretsa nsimbi yanga ya makala kuchokera kunyumba. Mabedishiti anatha pakati, pogona msana. Ndinkawasoka ndi singano yaing'ono, ulusi ndi ulusi, ndipo ndikunyadira kuti chigamba changa diso silinkachiona. Koma msana umamva zimene diso silikuona. Nsalu yakale imakhala yopyapyala ndi yokhakhala, ndipo yatsopano imazizira bwino pa thupi.

Kumapeto kwa chakacho kunabwera atsopano, koma okwanira theka la mabedi okha. Bwana Mhango anafika ku shedi ndi timipukutu tiwiri ta ulusi, kofiira ndi kabuluu, n'kutiika pa tebulo langa.

"Atsopano musokepo kamtanda kofiira pa kona, akale kabuluu," anatero. "Longwe saona bwino, koma mtundu wa ulusi amauona. Ofiira ndi a azungu. Abuluu ndi a anthu athu."

"Anthu athu amalipira tikiti ina, bwana?"

"Yayi, tikiti ndi yomweyo. Koma mzungu akagona pa nsalu yokhakhala amakalemba m'mabuku akwawo, ena osabweranso. Wathu sadandaula, mama. Kunyumba kwake amagona pa mphasa, akaona bedi amathokoza Chiuta."

Ndinkafuna kumufunsa kuti iyeyo anabadwira pa bedi lanji. Koma iwe Tadala unali Fomu 2, Chikondi ali Sitandade 7, ndipo ufa unali kusowa. Ndinatola singano. Ndikufuna mumve bwino apa, chifukwa nkhaniyi anthu akamaifotokoza amaika mlandu wonse pa Mhango: timitanda tonse tija ndinasoka ndine, ndi manja awa, ndipo ndinasoka mwaluso.

2004

M'mwezi wa Ogasiti munakwera mphunzitsi wina wopuma ntchito wa ku Zomba ndi mkazi wake. Ana awo anawagulira ulendowo pokondwerera zaka makumi anayi za banja lawo. Atatsika, mayiyo anafunsa kuti wochapa ndani, ndipo anamulozera ku shedi. Anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yake, atavala chitenje chatsopano chosachapidwa n'komwe, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndati ndikuoneni, amayi," anatero. "Chibadwire sindinagonepo pa nsalu zoyera ngati zimene zija. Ndinachita kuuza aphunzitsi kuti asambe kawiri asanagonepo."

Ndinaseka naye, ndinamuperekeza mpaka pa geti. Nditabwerera ndinamasula mtolo wa kabini yawo, ngakhale ndinkadziwa kale chimene ndipezemo. Kabuluu. Ndinakhala pansi pa simenti ndipo manyazi anandigwira moti ndinalephera kudya tsiku limenelo. Mayi uja anayenda mtunda wonsewo kudzathokoza munthu amene anamusankhira zotsalira.

Ada Longwe anandipeza ndili choncho.

"Ama NyaPhiri, mwadwala?"

"Ada, inu simuchita manyazi poyala zimenezi?"

Anavula chipewa n'kukanda mutu. "Ama, ine ndimayala chimene ndapatsidwa. Ndili ndi adzukulu asanu pakhomo. Manyazi ndimawasiya pa jeti, ndikatsika ndimawatenga."

Sindinamudzudzule. Nanenso anga ndinkawasiya pa geti.

Disembala 2006

Chaka chimenecho iwe Tadala unanena kuti Khirisimasi ukadyera kwa apongozi ako ku Rumphi, Chikondi n'kupeza ganyu ku Mzuzu. Mlongo wanga analemba kalata yoti ndipite ku Dedza, kutanthauza kuti ndikaime pa moto masiku atatu kuphikira anthu amene sanandifunsepo ngati ndili moyo. Ndinaiyankha mwaulemu kuti sindibwera. Ndinagulitsa nkhuku zanga zonse, ndinakwera minibasi kupita ku Mzuzu kumene kunali kaofesi kogulitsa matikiti a Kakowa, kumene sankandidziwa, ndipo ndinagula ulendo wa Khirisimasi wa masiku anayi m'dzina langa la pa ubatizo, Esinati Phiri. Masiku anga a tchuthi anali ataunjikana, Bwana Mhango anasaina akuganiza kuti ndikupita kumudzi. Ndinachapa ndi kusita zonse za ulendowo, n'kuzipereka ndekha kwa Ada Longwe.

Ku Chikale nkhani siigona. Amayi a kutchalitchi anabwera atatu, ati kudzandizonda. Wamkulu wao anati mayi wamasiye, wa msinkhu wanga, kukwera sitima ya azungu pa tsiku la kubadwa kwa Ambuye, anthu aziti ndikukasaka chiyani? Ndinati aziti ndikukasaka tulo, chifukwa ndi zimene ndikukasaka. Ndinawapatsa mango, anapita.

Pa 23 m'mawa ndinavala diresi langa lobiriwira, ndinamanga duku latsopano, ndinanyamula sutikesi ya bambo wanu imene abale awo anaiiwala, ndipo ndinatsika wapansi kupita ku doko. Onyamula katundu anasiya matumba n'kuyamba kuimba mluzu. Ndinaponda pa jeti, ndinapitirira pamene ndinkathera masiku onse, ndinafika pa makwerero. Bwana Mhango anali pomwepo ndi pepala la maina, chifukwa ulendo wa Khirisimasi ankakwera nawo.

"Mama, mwaiwala chiyani? Nsalu zonse zalowa."

"Sindinaiwale kanthu, bwana. Onani pa nambala 4."

Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anayang'ananso pepala. Thukuta linatuluka pamwamba pa tayi.

"Sitafu siikwera ndi alendo," ananong'ona. "Mukudziwa lamulo."

"Ndili pa tchuthi chimene munasaina nokha. Lero sindine sitafu, ndine Mayi Phiri. Tikiti ndi iyi."

Kumbuyo kwanga kunali azungu anayi ndi zikwama zawo zazikulu, akudikira. Sakanatha kundikokera pansi iwo akuona. Anapatuka, koma podutsa ndinamva mawu ake m'khutu: "Tidzakambirana mu Januwale."

Ada Longwe ananditsogolera ku kabini. Kachipinda kake kanali kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ka zenera lozungulira, kabedi kamodzi ndi kagalasi. Atangotseka chitseko ndinapita pa kona ya bedi n'kutukula. Kabuluu. Ndinachizindikira ngakhale chigamba chake, ndinachisoka chaka cha njala.

"Pepani, ama," anatero mkuluyo. "Pa pepala panalembedwa Phiri. Ndikanadziwa kuti ndinu, ndikanayala chofiira mwakachetechete. Ndisinthe pompano, bwana sadziwa."

Ndikuuzani zoona, ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinali nditagulitsa nkhuku zanga kuti msana wanga ulawe nsalu yofiira kamodzi kokha. Koma ndinakumbukira mayi wa ku Zomba ndi ndodo yake. Kusinthiridwa mobisa chifukwa chodziwana ndi woyala, ndiye kuti Phiri wina aliyense wobwera pambuyo panga adzagonabe pa chigamba.

"Zisiyeni, ada. Ndigonapo."

Ndinagonapo, ndipo chinandikanda msana monga ndinkadziwira.

Koma musaganize kuti ulendowo ndinauthera kukwiya. Ana anga, nyanja imene ndinakhala m'mphepete mwake zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sindinkaidziwa. Ukakhala pakati, mapiri a ku Usisya amatsikira m'madzi osasiya malo oponda. Ndinaona nkhungu, tintchentche ta m'nyanja tija, zikufuka pamadzi kutali, ndinaganiza kuti bwato lapsa, kaputeni anachita kundiseka. Mvula inatipeza pa Ruarwe, azungu anathawira mkati, ine ndinakhalabe panja pansi pa tenti ndi tiyi amene sindinaphike ndine. Wina kundibweretsera nsomba ya batala yootcha pa mbale, kundifunsa ngati ndikufuna ndimu! Poyamba ndinkadzuka kuti ndichotse mbale, mpaka Ada Longwe anati, "Ama, khalani pansi, mukutichititsa manyazi." Bwana Mhango anandiika pa tebulo la pa kona, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Ndinanyamula mpando wanga n'kukakhala pa tebulo la pakati, pamene panali dokotala wina wa ku Lilongwe ndi mkazi wake. Atandifunsa ntchito yanga ndinati ndine wochapa wa sitima ino, ndipo ndinanena mokweza.

Pa 25 tinadzukira ku Likoma. Alendo onse anatsika ndi boti kupita ku mapemphero ku tchalitchi chachikulu chija, Bwana Mhango akuwatsogolera ndi tayi yofiira. Ine ndinati mutu ukundipweteka. Boti litangochoka, ndinapita kwa Ada Longwe amene ankakolopa pakhonde la makabini.

"Ada, kiyi wa kabati ya nsalu."

"Mukufuna tawulo, ama?"

"Ndikufuna kiyi."

Ndinamuonetsa lumo limene ndinkasunga m'kachitini kanga ka singano. Anamvetsa. Anayang'ana kumtunda kumene belu linkalira, n'kuyang'ana ine nthawi yaitali.

"Mudzachotsedwa ntchito, ama."

"Ndikudziwa. Inu simunaone kanthu. Munaiwala kiyi pa mpando, ine ndinatola."

Anaika kiyi pa mpando, anatenga ndowa yake n'kupita kutsogolo kwa sitima. Anakolopa malo amodzimodzi mmawa wonse.

Ndinatulutsa mabedishiti onse a m'kabati, ndinakhala nawo pa mthunzi, nyimbo za Khirisimasi zikumveka kuchokera kumtunda. Kudula kamtanda, kusolola ulusi, kusalaza ndi chikhadabo, kupinda. Ofiira ndi abuluu omwe. Kenaka ndinalowa kabini ndi kabini, ndinatukula makona a mabedi n'kuchita chimodzimodzi. Nditamaliza ndinasakaniza mulu wonse monga amasakanizira makadi, ndinabwezera m'kabati, ndipo tiulusi tonse ndinatikulunga m'kapepala. Belu lotulukira likulira, ine ndinali nditasamba kale m'manja, ndikudikira mpunga ndi nkhuku ngati mlendo wina aliyense.

Tsiku lotsatira linali losintha nsalu. Ada Longwe anayala zimene dzanja lake lagwira. Pa chakudya cha mmawa wa pa 27 mkazi wa dokotala anati, "Kaya bedi langa alichita chiyani dzulo, ndagona ngati khanda." Mzungu wina wa ndevu, amene ndikutsimikiza kuti anagonera chigamba changa, anadya mazira ake n'kupempha ena, osadandaula kanthu. Inenso linandigwera bedishiti latsopano. Linali lozizira, losalala, ndipo ndinachedwa kudzuka dala.

Januwale 2007

Bwana Mhango anadziwa titangofika pa doko, atatsegula kabati. Sanandiitane ku ofesi, anabwera yekha ku shedi tsiku loyamba la ntchito, makiyi akulira kuyambira pa geti. Anaika pa tebulo timipukutu tiwiri, kofiira ndi kabuluu.

"Longwe akuti anataya kiyi. Sindine mwana, mama. Koma sindikufuna nkhani zambiri. Inu nokha ndi amene mungasiyanitse nsaluzi ndi dzanja. Musokenso pofika Lachisanu, za sitima zija tiziiwala."

"Ndikapanda kusoka?"

"Geti mukuidziwa. Ndipo ganizani bwino. Muli ndi zaka zingati? Ndani adzakulembani ntchito pa boma pano?"

Sanalakwitse. Ndinali ndi zaka 52, nkhuku ndinalibe, Chikondi anali asanakhazikike, ndipo denga la ku Chikale linkadontha pa bedi penipeni. Anandipatsa masiku anayi, ndipo masiku anayiwo ndinachapa, ndinasita, timipukutu tili pa tebulo pomwepo. Lachitatu ndinafika potola singano n'kulowetsa ulusi wabuluu. Ndinauyang'ana uli m'singanomo, ndinausololanso. Ndinachita mantha, ana anga, musamve zoti sindinaope. Koma ndinali nditagonapo pa nsalu zonse ziwiri, ndipo sindikanathanso kunamizira kuti sindikudziwa chimene ndikusoka.

Lachisanu anabwera.

"Mwasoka?"

"Ayi, bwana."

"Chifukwa?"

"Chifukwa munati wathu sadandaula. Ine ndine wanu, ndalipira tikiti, ndagonapo, ndipo ndikudandaula. Mabuku olembamo ndilibe, ndiye ndakuuzani pamaso."

Anatambasula dzanja kuti ndimupatse kiyi wa shedi. Ndinamupatsa. Anafunanso nsimbi ya makala, ndinamukumbutsa kuti ndi yanga, inachokera kunyumba chaka chimene kampani yake inalibe magetsi. Ndinaisenza pamutu, ndinadutsa pa jeti masanasana onyamula katundu akuonerera. Ada Longwe anaima pa makwerero atavula chipewa.

Zotsatira mukuzidziwa: kuchapira malojing'ono a ku Chikale, kusita mayunifomu a anamwino, zaka za mavuto zimene iwe Tadala unkandifunsa kuti, "Amayi, kaulusi kokha mpaka kutaya ntchito?" Sindinakuyankhe bwino nthawi imeneyo, n'chifukwa chake ndalemba zonsezi.

Patapita milungu iwiri kunabwera mayi wina pakhomo, NyaManda, amene anamulemba m'malo mwanga. Anasenza mtolo waukulu, anautula pa khonde, anagwada, n'kutulutsa timipukutu tija m'chitenje.

"Ama, bwana akuti ndisoke timitanda. Ine ndayang'ana mpaka maso kuwawa, zonse zikuoneka zofanana. Ndithandizeni, atsopano ndi ati, akale ndi ati?"

Ndinamumvera chisoni, chifukwa nayenso anali ndi ana. Ndinamasula mtolowo, ndinapisa dzanja. Zala zanga zinadziwa nsalu iliyonse, iyi ya chaka cha njala, iyi yatsopano, iyi anagonapo mayi wa ku Zomba. Ndinamanganso mtolo n'kumuthandiza kusenza.

"Ukawauze bwana kuti wandifunsa, ndipo ndati ndakalamba, manja anaiwala. Mlandu ukhale wanga. Akakuumiriza, soka chofiira pa zonse."

Ndinamva kuti anasokadi chofiira pa zonse, ulusi wabuluu anapachikira nawo makatani a ku shedi.

Kapepala ka tiulusi kaja kali m'sutikesi ya bambo wanu, m'thumba la mkati. Musadzakataye poganiza kuti ndi zinyalala. Ena akapuma ntchito amapatsidwa wotchi kapena njinga, ine ndinadzitengera kameneko. Ndipo tsiku langa likadzafika, musadzavutike kusankha nsalu yondifunditsa. Yatsopano kapena yachigamba, iliyonse ndigonapo. Mudzangotukula pa kona, muone kuti palibe amene wasokapo kanthu.